Kafukufuku wa mu Saluni ya Nachipeso

Dzina loti Nachipeso anamupatsa ndi makasitomala, chifukwa chipeso sichinkachoka m'mutu mwake. Chinkakhala chozika pamwamba pa khutu lamanja kuyambira potsegula mpaka poweruka, ndipo ena ankalumbira kuti amagona nacho. Kuluka kokha mayiyu ankakudziwa, pamenepo tisamunamizire. Mizere yake inkawongoka ngati wachita kuyeza ndi rula, komanso sankakoka tsitsi mpaka munthu kulephera kuseka sabata yathunthu monga amachitira oluka ena.

Saluni yake inali kachipinda kamodzi kopanikizika pakati pa shopu ya mafoni ndi telala, moyang'anizana ndi wometa wa tsidya la msewu. Munali mipando iwiri, beseni losambitsira mitu, shelefu ya mafuta ndi meshi, galasi lalitali long'aluka pakona, ndi dilaya youmitsira tsitsi yomwe inkalira ngati lole yokwera chitunda. Kukhoma kunali benchi la odikira. Pa benchi limeneli ndi pomwe nkhani zinkafikira, kupumulirapo pang'ono, n'kupitiriza ulendo zitanenepa.

Chodabwitsa n'chakuti Nachipeso ankadziona ngati munthu wosunga chinsinsi, ndipo ankakhulupiriradi zimenezo ndi mtima wonse. Akamva akazi ena akujeda ankapukusa mutu monyansidwa. "Ine za anthu ayi," ankatero. Kenako ankawerama pa khutu la yemwe akumulukayo n'kutsitsa mawu: "Koma izi ndikuuza iwe wekha." Vuto linali loti "iwe wekha" ameneyu ankasintha nkhope nthawi iliyonse mpando ukasintha munthu.

Panali mutu umodzi womwe Nachipeso ankaudziwa kuposa wake womwe, mutu wa amake mapasa. Awiriwa anakulira nyumba zoyandikana. Nachipeso atasiyira sukulu panjira, bambo ake atamwalira, anaphunzirira kuluka pa mutu wa mnzakeyu, pakhonde, mnzakeyo atakhalira ndowa yovundikira, misozi ili mbwee ndi kukokedwa koma osathawa. Mnzakeyo ankayenda m'misewu ndi mizere yokhotakhota, anthu akuseka, iye n'kumayankha kuti ndi sitayelo yatsopano. Galasi long'aluka lija linali mphatso ya amake mapasa ya tsiku lotsegulira saluni, ndipo linang'aluka tsiku lomwelo polikweza m'minibasi. Mwamuna wa Nachipeso atanyamula chikwama n'kupita osatembenuka, amake mapasa ndi amene ankabwera kudzasambitsa mwana ndi kukakamiza mnzawo kudya. Nachipeso ankadziwa chipsera cha kuseri kwa khutu lawo. Imvi yoyamba anaiona ndi iye, n'kuibisa pansi pa mzere osanena kanthu. Chiyambire utsikana, tsitsi limenelo silinakhudzidwepo ndi dzanja lina.

Loweruka lina m'mawa, benchi lisanakhale munthu, amake mapasa anakhala pampando wawo wa masiku onse n'kunena kuti, "Tseka kaye chitsekocho."

Nachipeso anatseka.

"Bambo a mapasa ntchito inatha."

"Aa! Liti?"

"Papita miyezi. Kampani inachepetsa anthu. Koma sanandiuze. M'mawa uliwonse amapukuta nsapato, kumanga tayi, kutenga chikwama, n'kutsanzika ana ngati kale. Ine ndinamva kwa mlonda wa pageti la kampaniyo, tsiku lomwe anaiwala foni ine n'kuwapititsira."

"Ndiye wawafunsa?"

"Ndiwafunse kuti atani? Munthu uja ulemu wake wonse uli pa tayi imeneyo. Akusakasaka ina, ndikudziwa. Akaipeza adzandiuza okha, ine n'kudzadabwa bwinobwino ngati sindinkadziwa. Panopa ndimangowaikira buledi ndi tiyi wa mu fulasiki, n'kuwauza kuti mukagwire bwino ntchito." Anapukuta maso ndi nsonga ya thaulo lomwe linali m'khosi mwawo. "Zandilemera, mnzanga. Ndikapanda kuuza iwe ndiphulika. Koma zithere muno."

"Ine? Wandiona liti ndikunena za anthu?" anatero Nachipeso, atagwira pachifuwa, ndipo analira nawo misozi yeniyeni.

Chinsinsicho anachisungadi. Anachisunga Lamulungu lonse, poti Lamulungu saluni imakhala yotseka.

Nachipeso anali ndi mwana mmodzi yekha, msungwana wa sitandade sikisi, wowonda, wa maso akuluakulu, wosakonda zolankhulalankhula. Chaka chimenecho kalasi lawo linalandira mphunzitsi watsopano, mtsikana wongotuluka kumene kukoleji, mutu uli wodzaza ndi njira zamakono. Tsiku lina mwanayo anabwera kuchokera kusukulu n'kuima pafupi ndi dilaya.

"Amayi, atipatsa kafukufuku. Aliyense afufuze ntchito ya kholo lake, alembe manotsi ake."

"Manotsi si amalemba aphunzitsi pa bolodi inu n'kukopera?"

"Akuti kukopera za pa bolodi si kulemba manotsi, ndi kusamutsa choko basi. Akuti manotsi enieni umapanga wekha."

Mwanayo anafotokoza malamulo onse mwadongosolo. Tsamba ulidule pakati ndi rula. Mbali ina ulembe zomwe waona ndi maso ako, mbali inayo zomwe wangomva. Usalembe chiganizo chonse, tola mawu ofunika okha. Chilichonse chomwe wamva, ulembe wanena ndani, ndipo iyeyo anamva kwa ndani. Chinthu chisachoke ku mbali ya zomva mpaka utatsimikiza, kaya m'buku, kaya pofunsa mwini nkhaniyo. Pomaliza ujambule kangaude: mfundo yaikulu pakati, miyendo kuloza ku mfundo zomwe zatuluka mwa iyo.

Akanamvetsera bwino malamulo amenewa, Nachipeso akanatseka saluni mwezi wathunthu. Koma anali ataluma ulusi m'mano, maso ali pa mutu wa munthu, ndipo chomwe chinalowa m'khutu mwake n'choti sukulu yazindikira tsopano kuti kuluka ndi ntchito yoyenera kulembedwa m'kope. Ananyada zosaneneka. Iye amene anasiyira sukulu panjira, lero akufufuzidwa ngati munthu wa m'buku! Anagulira mwanayo kope latsopano ndi bolopeni, n'kumuikira kampando pakona, pakati pa beseni ndi benchi.

Makasitomala anamupatsa mwanayo dzina loti a Mlembi. "A Mlembi, lembani kuti mayi anu achedwetsa mutu wanga," ankamuseka choncho, mwanayo n'kulembadi. Masiku oyamba ankatsitsako mawu akamuona. Posakhalitsa anamuiwala. Akuluakulufe tili ndi matenda amodzi: mwana akakhala chete timamuyesa mpando. Nthawi zina a Mlembi ankakweza dzanja ngati ali m'kalasi n'kufunsa mwaulemu kuti, "Anti, zimenezo mwamva kwa ndani?" Azimayiwo ankafa nacho chiseko n'kuyankha zoona, poti ndani angabise kanthu kwa kamwana kogwira bolopeni?

Chenjezo linabwera, koma Nachipeso sanaliwerenge. Pa shelefu panali mafuta ena a m'botolo lobiriwira omwe ankawatama kwa aliyense kuti amameretsa tsitsi ngakhale pa dazi. Tsiku lina namwino wina, kasitomala wakalekale, analowa akuseka mpaka kugwira chitseko.

"Mwana wakoyu ndi loya! Wanditsata mpaka kuchipatala, akuti anti, amayi akuti mafuta awa amameretsa tsitsi, inu monga a zaumoyo mukuti bwanji?"

"Ndiye mwati chiyani?"

"Ndamuuza zoona, kuti amangowalitsa."

Nachipeso anatembenukira mwanayo, kukamwa kuli yasa. "Iwe! Ukundigwetsera bizinesi?"

"Ndawerenganso pa botolopo, Amayi. Sipanalembedwe zomeretsa. Ndiye ndasiya ku mbali ya zomva, n'kulemba kuti wanena ndi Amayi."

Benchi lonse linagwa ndi phwete. Nachipeso naye anaseka, ngakhale kumaso kunatentha, n'kunena kuti ana a masiku ano atimaliza. Sanadzifunse kuti kopelo lamva zinanso zotani m'chipinda chimenecho, kapena kuti miyendo yowondayo yapita kukatsimikiza kwa yaninso.

Tsiku lomwe zinaphulika linali Lachinayi masana, dzuwa likupendeka. Nachipeso anali pakati pa mutu wa mkazi wa telala pamene pakhomo panaima mtsikana wovala siketi yaitali, choko chili m'manja mwa bulauzi, a Mlembi ali kumbuyo kwake. Anali aphunzitsi aja. Nkhope yawo inali ngati ya munthu amene waona ngozi panjira.

"Mayi, pepani, ndimafuna tilankhule patokha."

Mkazi wa telala anatuluka ndi mutu wolukidwa theka, monyinyirika, khutu likutsalira m'mbuyo. Nachipeso anatseka chitseko.

"Walakwa chiyani? Waba? Wamenya mnzake?"

"Sanalakwe chilichonse. Ndiye vuto lake limenelo." Aphunzitsi anaika kope pa mpando n'kulitsegula. "Ndatolera makope m'mawa uno. Anzake alemba masamba awiri, ena akopera za m'buku. Uyu wadzaza kope lonse. Ndawerenga pa nthawi yopuma, tiyi wanga mpaka anazizira. Taonani apa."

Masamba oyamba anali okoma. Mitundu ya malukidwe, nthawi yomwe mutu umodzi umatenga, chifukwa chomwe zala za Amayi zimatupira madzulo. Nachipeso anayamba kumwetulira. Kenako aphunzitsi anatembenuza tsamba, ndipo pamwamba pake panalembedwa ndi zilembo zooneka bwino: Ntchito ya Amayi ili pawiri, ya manja ndi ya pakamwa.

Pansi pake panali kangaude. Pakati, m'kabwalo kozungulira bwino, munalembedwa kuti Amayi. Mwendo umodzi unkalowa kuchokera pamwamba, wolembedwa kuti anti amake mapasa. Miyendo ina yonse inkatuluka. Wina kwa namwino, wina kwa mkazi wa telala, wina kwa mayi wa shopu ya mafoni, wina kwa mayi wogulitsa nsapato, ndipo mwendo uliwonse unali ndi timiyendo take tomapita kwa alamu, kwa aneba, kwa anzawo a kuntchito. Tsamba linachepa, timiyendo tina tinakhotera m'mphepete. Pambali panali mawu ofunika okha, monga anaphunzitsidwira: ankolo, ntchito inatha, tayi, anti akudziwa, buledi.

Nachipeso anabwerera m'mbuyo. Anakhala pa benchi la odikira, pomwe sanakhalepo chitsegulire saluni.

"Bodza ili," anatero ndi mawu osatuluka bwino. "Ine ndinauza namwino yekha. Poti ndi wa chipatala, amasunga zinsinsi."

"Namwino munawauza Lolemba, Amayi," anatero mwanayo modekha, ngati akuthandiza munthu kukumbukira pomwe waika makiyi. "Akazi a telala Lachiwiri, mukuwasambitsa mutu. Ena aja ndinawafunsa kuti amva kwa ndani, onse anati kwa mayi ako. Aliyense ankati mwamuuza yekha."

"Nanga za amake mapasa wazidziwa bwanji? Tsiku limenelo kunalibe kope!"

"Munkanena nokha poyamba nkhaniyo. Munkati, mwini wake wandiuza atakhala pampando womwewu."

Nachipeso anayang'ana kangaudeyo, n'kuyang'ana mwana wake, n'kuyang'ananso kangaudeyo. Anadabwa kwambiri, ndipo kudabwa kwake kunali koona. Anali asanadzionepo chonchi. Nkhani iliyonse ankaitulutsa kamodzikamodzi, monong'ona, mwachisoni, kwa munthu mmodzi womukhulupirira. Sanaganizepo kuti wina angazisonkhanitse pa tsamba limodzi n'kumuika iye pakati.

"Chabwino," anatero, akupuma mwamphamvu. "Ling'ambeni tsambalo. Palibe waliona, eti? Aphunzitsi, simunawerenge m'kalasi? Mapasa aja ali kalasi lomwelo!"

"M'kalasi ayi, sindingayerekeze." Aphunzitsi analoza tsambalo. "Koma taonani mbali yomwe nkhaniyi yalembedwa."

Inali mbali ya zoona ndi maso.

"Uwauze mayi ako zomwe wandiuza ine," anatero aphunzitsi.

Mwanayo anaima mowongoka, manja kumbuyo. "Dzulo nditaweruka ndinapita kulaibulale kukafufuza mmene tsitsi limakulira. Ndinapeza ankolo, bambo a mapasa, atakhala pakona pa tebulo la manyuzipepala. Tayi anali nayo. Fulasiki inali pansi pa mpando."

"Mayo ine! Unabisala?"

"Ayi, ndinawapatsa moni. Ndinawauza kuti ndikupanga kafukufuku, n'kupempha kaye chilolezo chowafunsa, monga anatiuzira aphunzitsi. Anaseka, anati funsa mwanangu. Ndiye ndinati, ankolo, ndamva kwa anthu angapo kuti ntchito yanu inatha, ndipo mumangovala tayi kuti anti asadziwe, koma anti akudziwa kale, amangokuikirani buledi kuti musachite manyazi. Kodi ndi zoona?"

Kunja kunkamveka makina a telala ndi wailesi ya kwa wometa. Nachipeso anagwira kukamwa ndi manja onse awiri.

"Anayankha chiyani?" anafunsa kudzera m'zala.

"Sanayankhe. Anandifunsa kuti ndamva kwa ndani. Ndiye ndinawaonetsa kangaude."

"Unawaonetsa!"

"Aphunzitsi anati munthu akakufunsa komwe watenga nkhani, usabise."

Aphunzitsi anatseka maso.

"Anayang'ana nthawi yaitali," mwanayo anapitiriza, tsopano mawu akuyamba kugwedera, poti nkhope za akuluakuluwo zinayamba kumuuza zomwe kope silinamuuze. "Ankatsata mwendo uliwonse ndi chala. Kenako anati, walemba bwino mwanangu. Anamasula tayi n'kuiika m'thumba, n'kutuluka. Fulasiki anaiiwala." Anatsegula chikwama chake cha sukulu n'kuitulutsa. Inali yofiira, yokalikakalika m'mbali, ndipo inkalemera. Tiyi anali asanamwedwe.

Mkwiyo unamukwera Nachipeso, ndipo mkwiyo wa munthu wolakwa umasaka pogwera. Unayamba ndi aphunzitsi. "Ndi zimene mumaphunzitsa ana kusukulu kwanuko? Kuzonda makolo awo? Ife tinkakopera za pa bolodi, palibe banja linapasuka!"

"Mbali yanga ndikuivomera, mayi," anatero aphunzitsi, misozi ili m'maso. "Ndinawaphunzitsa kutsimikiza nkhani, koma sindinawaphunzitse kuti nkhani zina si zako zoti ukatsimikize. Mawa ndikayambira pamenepo. Koma mwanayu watsata lamulo lililonse lomwe ndinapereka. Sanawonjezere liwu ngakhale limodzi."

Mkwiyo unatembenukira kwa mwanayo. Nachipeso anazula chipeso m'mutu n'kuchikweza m'mwamba. Mwanayo sanathawe. Anangomuyang'ana ndi maso akuluakulu aja, fulasiki ataikumbatira pachifuwa.

"Amayi, ndimayesa si chinsinsi," anatero. "Munkauza aliyense."

Dzanja linatsika lokha.

Nachipeso sanakumbuke kuvula epuloni. Anatenga fulasiki ija n'kutuluka, kudutsa mkazi wa telala yemwe anali chiimire panja ndi mutu wake wa theka, n'kulowa njira yomwe akanatha kuyenda atatsinzina. Panjira anakonza mawu ambirimbiri. Anati akanena kuti mwana sanamve bwino. Anati akanena kuti namwino ndiye wafalitsa. Pofika pa geti mawu onsewo anali atauma.

Amake mapasa anatsegula chitseko pang'ono, n'kuima pakhomo pomwepo. Zaka zonsezi Nachipeso ankalowa m'nyumba imeneyi osaodira, mpaka kukavundukula mapoto. Lero anaima pa sitepe ngati wogulitsa sopo. Kudzera pa mpatawo anaona bambo a mapasa atakhala pa sofa, atavala malaya a m'kati okha, akuyang'ana wailesi yakanema yozimitsa. Nsapato zawo zinali pakhomo, fumbi la dzulo lili pomwepo.

"Ndabweretsa fulasiki," anatero Nachipeso. Ndi zokhazo zomwe zinatuluka.

Amake mapasa anailandira ndi manja awiri. Maso awo anali otupa, koma mawu anali osalala moopsa.

"Dzulo anafika dzuwa likadalipo. Anakhala pomwe akhalapo apo. Anandifunsa funso limodzi lokha: buledi uja unkandiikira ukundiseka?"

"Mnzanga, ine..."

"Zoti ndinkadziwa, mwina akanandikhululukira. Chawapha n'china. Akuti masiku onsewa ndakhala ndikudutsa msewu uja nditamanga tayi, telala n'kumati mugwire bwino ntchito bwana, wa mafoni n'kumati mwaweruka bwana, onsewo akudziwa. Lero akana kutuluka ngakhale pakhonde. Kunali koti akaonane ndi anthu ena za ntchito m'mawa uno. Sanapite."

"Ndinkangomva chisoni, ndiye ndinkati ndikauzako munthu mmodzi..."

"Nanenso ndinauza munthu mmodzi."

Nachipeso analira pamenepo, kulira kwenikweni kosadzikongoletsa, mamina ndi misozi pamodzi. Anayembekezera kuti mnzakeyo amutukwane, amukumbutse za ndowa ija ndi galasi lija, amumenye kumene. Zikanakhala bwino. Anthu akatukwanizana, mawa amapezanso poyambira.

"Mwana usakamumenye," anatero amake mapasa. "Mwa anthu onse a pa pepala lija, ndi iye yekha amene anapita kukafunsa mwini wake pamaso."

Chitseko chinatsekedwa pang'onopang'ono, osamenyetsa.

Loweruka lotsatira linali lomwe amake mapasa ankayenera kudzamasula ndi kulukanso. Nachipeso analawirira. Anakolopa, anapukuta galasi mpaka mng'alu womwe unawala, anatulutsa meshi ya mtundu womwe mnzakeyo ankaukonda n'kuiyala pa mpando wawo. Kasitomala wina atafuna kukhalapo anamuuza kuti mpandowo uli ndi mwini wake. Mumtima ankati tsitsi silidziwa mkwiyo, limakula basi, ndipo munthu amene sanagwidwepo m'mutu ndi dzanja lina adzapita kuti? Akangokhala pampandopo, zala zidzanena zomwe pakamwa palephera. A Mlembi anali pa kampando kawo pakona, opanda kope. Aphunzitsi anali atawapatsa malikisi apamwamba kuposa onse m'kalasi, koma tsamba la kangaude analichotsa ndi lezala, ndipo mwanayo sanafune kukambanso za nkhaniyo.

Pa nthawi yake yeniyeni, amake mapasa anatulukira pa kona ya msewu, atavala diresi lawo la Loweruka, chikwama m'khwapa. Mtima wa Nachipeso unadumpha. Anaima pakhomo, akupukuta manja pa epuloni, kumwetulira kukunjenjemera pa milomo.

Atafika pa shopu ya mafoni, amake mapasa anayang'ana uku ndi uku, n'kuwoloka msewu. Analowa kwa wometa.

Chitseko cha wometa chinali chotsegula, ndipo zonse zinkaoneka. Anyamata omwe ankadikira anasuntha kuwapatsa malo. Wometayo anamvetsera, anapukusa mutu, anafunsanso, kenako anaponya maso tsidya lino kwa Nachipeso ngati akupepesa. Anatenga sizasi. Zingwe zomwe Nachipeso analuka ndi zala zake, tsiku lomwe analumbira atagwira pachifuwa, zinayamba kugwa pansi chimodzichimodzi. Kenako makina analira.

"Amayi," ananong'ona mwanayo kumbuyo kwake, "akumeta zonse."

Nachipeso anangoyang'anabe tsidya lija. Sankakhulupirira zomwe maso ake ankaona. Tsitsi limenelo analilera ngati mwana, kulithira mafuta, kulidula nsonga, kulibisira imvi. Ankadziwa kuti mnzake wakwiya, koma sanaganize kuti angalolere kukhala wopanda tsitsi kusiyana ndi kukhalanso pa mpando wake.

Amake mapasa anatuluka mutu uli mbee, imvi zikuoneka, chipsera cha kuseri kwa khutu chili poyera kuti aliyense achione. Sanafunde mpango. Anawolokanso msewu, n'kudutsa pakhomo pa saluni, pafupi moti Nachipeso akanatha kuwagwira mkono.

"Mwadzuka bwanji, mayi?" anatero mwaulemu wonse, monga munthu amaperekera moni kwa mayi wogulitsa pamsika, ndipo sanadikire yankho.

Nachipeso anabwerera m'kati. Anachotsa meshi ija pampando n'kuibwezera pa shelefu. Kasitomala yemwe anakanizidwa mpando uja anakhalapo msangamsanga, maso akuwala, n'kupendeketsa khutu.

"Kodi si anzanu aja? Iii, chachitika n'chiyani? Ndiuzeni ine ndekha."

Nkhani inakwera yokha mpaka pa lilime, yathunthu, yokoma, yodziwa kale njira yake. Nachipeso anatsegula pakamwa. Pa galasi anaona mwana wake pakona akumuyang'ana.

"Weramitsani mutu," anatero, n'kuzula chipeso.

Tsidya la msewu, wometa anali akusesa.